Popatukira Mkamwini

Panjira yochokera kumudzi kwa akazi anga kutsikira kumtsinje wa Likhubula pali malo amene njirayo imatupa mwadzidzidzi ngati njoka yomeza chule, kenaka n'kubwerera kuchepa kwake kwa masiku onse. Malowo anthu amawatcha Popatukira Mkamwini. Mkamwini wake ndine, ndipo ndalemba izi chifukwa nkhani ya malowo yakhala ikufotokozedwa molakwika kwa zaka zambiri, kawirikawiri ine ndili pomwepo.

Ena amati tsikulo ndinaledzera. Mowa sindinaulawepo. Ena amati ndinkathawa apongozi anga chifukwa anali ndi khasu m'manja. Mlaliki wina anauza mpingo wathunthu kuti ndinafuna kudzichotsera moyo, koma Ambuye anatumiza mayi wachikulire amene ananditola n'kundibereka kumsana. Ulalikiwo unali wokoma ndipo amayi ena analira, koma chichokere ku ukhanda palibe munthu amene anandiberekapo.

Ndiyambe ndi miyendo. Pakati pa zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, ndinali kalaliki wa zankhalango ku Likhubula. Ndinali nditafika ku sekondale, chinthu chimene panthawiyo chinkachititsa anthu kutsitsa mawu ndikamadutsa. Ntchito yanga inali kulandira matabwa a mkungudza amene amuna ankasenza pamutu kuchokera ku Chambe, kumtunda kwa phiri. Tsiku lina la dzinja ananditumiza pamwamba paphiri kukaona ocheka matabwa, ndipo pobwerera ndinaterereka pathanthwe. Alipo amene amati ndinapeza chakudya cha mizimu ya m'phiri n'kuitana mnzanga kuti tidzadye, chimene mizimu imadana nacho. Chakudya sindinachione. Ndinavala nsapato za mu ofesi pathanthwe lonyowa, basi. Osenza matabwa ananditsitsa atandigoneka pathabwa, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti anandisamala kuposa mmene ankasamalira matabwa, ngakhale kuti kusiyana kwake sikunali kwakukulu.

Nditagona m'chipatala kuyambira dzinja mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe, dokotala anandiuza kuti msana wapola koma miyendo siidzagwiranso ntchito. Ndinatuluka ndi chikuku. Chinali cha gogo wina wachizungu wa kuminda ya tiyi amene anali atamwalira. Mpando wake unali wolukidwa, mawilo awiri aakulu ngati a njinga, ndi kawilo kakang'ono kumbuyo kamene kankalira ngati mwana wa mbuzi. M'dera lathu lonse munalibe munthu wina wakuda amene anali nacho.

Sindinadziwe kuti munthu akakhala pachikuku makutu ake amasamukira kwa amene akumukankha. Tikapita kumsika, anthu amene dzulo lake ankandivulira chipewa ankaima pamaso panga n'kufunsa akazi anga.

"Adzuka bwanji awa?"

"Afunseni eniake, pakamwa ali napo," akazi anga ankatero.

Bambo wina anamvera malangizowo. Anawerama, naika mlomo pakhutu langa, nafuula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje: "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ndinamuyankha m'Chingerezi chabwino ndithu. Anaweramuka, nayang'ana akazi anga mwachisoni.

"Pepani mayi. Kani matendawa afika ndi kumutu komwe."

Mayi wina anandiika dengu la nthochi pamiyendo popanda kupempha, poti tonse tinkalowera kumsika. Mnansi wathu anabwera m'mawa wina, napereka moni wautali, nati, "Akamwini, mutibwerekeko njinga yanuyi tikasiye thumba la nandolo kumseu. Inu si mungokhala lero?" Kutchalitchi kunali masitepe, choncho ankandiika panja pafupi ndi zenera, pamodzi ndi njinga za akulu a mpingo. Zonsezi ndinazipirira, ndipo sizimene zinafuna kundichotsa pamudzi.

Owerenga a kutali ayenera kudziwa mwambo wathu. Kuno mwamuna amakwatira kumudzi kwa mkazi. Nyumba amamanga ndi iye, munda amalima ndi iye, koma dothi ndi ana ndi za kuchikazi. Banja likatha amanyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Kwathu kunali kufupi ndi Limbuli, kuseri kwa phiri, ndipo ine ndinali mkamwini wokhala ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda ine nditangosiya.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhudzana, ndipo salankhulana okha. Pakakhala mawu, amadzera mwa munthu wachitatu. Akakumana panjira, mkamwini amapatukira kutchire, nanyonyomala, nayang'ana kumbali kufikira apongozi atadutsa. Nditangokwatira, anthu ankayembekezera kuti munthu wa sekondale adzanyoza zimenezi. Anakhumudwa. M'mudzimo munalibe mkamwini wopatuka bwino kuposa ine. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze nditavala kabudula ndi masitonkeni, ndipo sindinakande mpaka apongozi atakhota.

Apongozi angawo anali mayi wamasiye, wamfupi, wosakonda kulankhula, wobwera kuchokera kwa Apwitikizi ali kumsana kwa amayi awo. Munda, dimba ndi bwalo limene nyumba yathu inamangidwapo zinali zawo. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa mapazi awo ndi mpini wa khasu lawo.

Vuto linaoneka tsiku limene akazi anga ankandikankha kutsikira kumseu. Panjirapo pali pamene mbali ina pali chiunda, mbali ina ngalande yakuya imene madzi a m'phiri amathamangamo. Pamenepo tinakumana ndi apongozi atasenza nkhuni. Akazi anga anaimitsa chikuku. Kumanzere kunalibe kolowera, kumanja kunalibe kolowera, ndipo kunyonyomala kunali kutandithera ku Chambe. Kenaka apongozi anatsikira m'ngalande ndi mtolo wawo, nayang'ana kumbali, ife n'kudutsa.

Amayi ena ochokera kumtsinje anaziona. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa sekondale wagula galimoto ndipo tsopano apongozi ndiwo amamupatukira. Zinachitikanso kangapo, pakuti njira inali imodzi. Pamaliro ena a m'mudzimo amuna onse anakhala pansi monga mwa mwambo, ngakhale a imvi, ine ndekha ndili pampando ngati bwana wa ku boma wobwera kudzaweruza mlandu.

Mwini mbumba anali amalume a akazi anga, mlongo wawo wa apongozi. Anali kapitawo kuminda ya tiyi, munthu wonenepa, wansangala, amene sankatha kunena chinthu choipa popanda kuseka. Anabwera madzulo ena nakhala pakhonde.

"Akamwini, inu ndinu munthu wophunzira, simuvuta kumva," anatero. "Bwanji mukapumuleko kwanu ku Limbuli? Mphepo ya kumeneko ndi yabwino. Mudzabwere miyendoyi ikabwerera."

"Dokotala anati siidzabwerera," ndinayankha.

"Eya! Ndiye mukapumule bwinobwino."

Anaseka mpaka kugwira mimba, natchula tsiku loti ankhoswe a mbali zonse adzakumane. Atachoka, akazi anga anati, "Bambo a mwana, ine sindinakukaneni." Ndinawakhulupirira. Koma masiku amenewo mawu a mkazi wa mwana mmodzi pamaso pa amalume ake sankalemera kuposa gaga. Munthu amene mawu ake akanalemera anali mwini dothi, apongozi anga, ndipo maganizo awo sindinkawadziwa. Sindikanatha kuwafunsa. Nawonso akazi anga atawafunsa, anangoyankhidwa kuti nandolo akufunika kuthyola.

Tsikulo litafika, nkhoswe yanga, amene anali achimwene anga aakulu, anafika m'mawa panjinga kuchokera ku Limbuli. Pakaliyala anamangirira chingwe chachitali chatsopano.

"Chingwecho n'chachiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Aa, n'chingwe chabe," anatero, akuyang'ana kawilo ka chikuku changa ndi pomangira pake.

Sindinafune kukhala pabwalo ndikuyang'anizana ndi chingwe. Akazi anga anali otanganidwa ndi kuphikira alendo, ndipo ine ndinali nditaphunzira kuzunguza mawilo ndi manja. Ndinatuluka ndekha kulowera kumtsinje, osati kukachita chimene mlaliki uja amanena, koma kukaona madzi, poti ku Limbuli kulibe mtsinje wofanana nawo.

Pamalo opapatiza paja ndinaona mapazi amene ndinkawadziwa. Apongozi ankachokera kudimba, khasu lili paphewa. Panalibe munthu wina aliyense. Ndinawaona akuima, akukweza nsalu pang'ono, akusankha mwala wopondapo potsikira m'ngalande. Pamenepo ndinaganiza kuti ngati ukamwini wanga ukutha lero, ndiumalize monga mkamwini. Ndinagwira wilo lakumanja mwamphamvu, ndi kukankha lakumanzere. Chikuku chinakhota bwino lomwe.

Apa ndi pamene anthu onse amalakwitsa. Amati ndinagwa. Ndinapatuka. Kugwa kunabwera pambuyo pa kupatuka, ndipo kunali kwa chikuku, ine ndinangotsatira.

Ndinapezeka chafufumimba m'matope, madzi ozizira akulowa m'malaya, chikuku chili pambali panga miyendo m'mwamba, wilo limodzi likuzungulirabe. Ndinatembenuzira nkhope kumbali monga mwambo ufunira, ndi kudikira kuti adutse. Sanadutse. Ndinamva khasu likuzikidwa pansi. Kenaka, kwa nthawi yoyamba chikwatirire, ndinamva mawu awo pafupi.

"Khasu iwe, tawafunsa bambo a mwana ngati athyoka penapake."

Ndinazindikira kuti munthu wachitatu wapezeka.

"Khasu, uwauze amayi kuti zothyoka zinathyokera kale ku Chambe. Apitirize ulendo, ndawapatukira."

"Khasu, uwafunse ngati zimenezi anaziphunzira kusukulu kwawo kuja."

"Uwauze kuti kusukulu tinkaphunzira za mitsinje ya kutali. Ngalande ndaiphunzira konkuno."

Panamveka kaphokoso kena. Kaya kunali kuseka kaya chifuwa sindidziwa, pakuti sindinayang'ane, ndipo sindilemba chimene sindinachione. Amene amati analira sanali pamenepo.

"Khasu, uwauze kuti munthu wophunzira amayamba wayang'ana kaye kumene akupatukira."

"Uwauze kuti ndinayang'ana. Kwina kunalibe."

Anatsikira m'ngalande, natembenuza chikuku, nachikokera panjira, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Anachitsekereza ndi miyala kuti chisayende. Kenaka anafunda nsalu kumutu mpaka kumaso, nanditambasulira mpini wa khasu. Ndinaugwira ndi manja awiri. Iwo akukoka, ine ndikudzikweza ndi zigongono, miyendo ikubwera pambuyo ngati katundu wa munthu wina. Zinatenga nthawi. Kamodzi ndinaterereka n'kubwerera pamene ndinayambira, ndipo khasu linapatsidwa mawu ena a Chilomwe amene sindiwalemba pano. Nditafika panjira ndinadzikwezera pampando ndekha, ndi kunyamula miyendo yanga umodziumodzi monga ndinkachitira masiku onse. Sanandikhudze ngakhale ndi chala. Ndikufuna zimenezi zidziwike, makamaka kwa alaliki.

Manja anga anali atasupuka moti mawilo sindikanatha kuwazunguza. Apongozi anaika khasu pamiyendo panga, nazungulira kumbuyo, nagwira zokankhira. Wokankha chikuku sayang'anana ndi wokankhidwa, ndipo makolo amene anakonza mwambo sananenepo kanthu za kumbuyo. Tinakwera mtunda wonse, kawilo kakulira.

Tinafika pabwalo ankhoswe atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Amalume anatiyang'ana, mkamwini wamatope kuyambira kutsitsi, mlongo wawo wamatope mpaka m'maondo, nayamba kuseka.

"Akamwini, mwakasamba kuti? Ukutu n'kutsanzika kwa mtundu wanji?"

Apongozi anandiimika pambali, natenga khasu lawo, nakakhala pamphasa atandifulatira. Amalume anapukuta misozi ya chiseko nayamba kuyala nkhani. Anaiyala bwino, ndiyenera kutero. Anati palibe amene akudana ndi mkamwini, koma mkamwini ndi khasu, ndipo uyu salima. Anati pamaliro amakhala pamwamba akulu ali pansi. Anati choposa zonse, mlongo wawo, munthu wa imvi, wasanduka wolowa m'ngalande kupatukira mwana wa eni, ndipo mbumba yonse ikusekedwa mpaka kuminda ya tiyi. Achimwene anga, amene anabwera kudzandiimira, ankavomera ndi mutu pa mfundo iliyonse.

"Mwatha, achimwene?" apongozi anafunsa mlongo wawo.

"Ndatha, achemwali."

"Mwati munthuyu sapatuka. Matope mukuwaonawo ndi a kupatuka. Wandipatukira lero, ndi mpando wake womwe, mpaka pansi pa ngalande."

Amalume anayang'ana ine, nayang'ananso mlongo wawo.

"Chabwino, koma salima."

"Inu kumene munakwatira kuja miyendo muli nayo yonse iwiri. Mpini wa khasu lanu unadyedwa ndi chiswe, apongozi anu anachita kundidandaulira kutchalitchi. Anakuthamangitsani?"

Achimwene anga anaseka, kenaka anakumbukira kuti ndi mlendo, nasandutsa chisekocho chifuwa.

Amalume anati, "Zimenezo n'zina, achemwali. Nanga zokhala pampando akulu ali pansi?"

"Kapitawo wathunthu mulibe mpando? Muzibwera nawo wanu."

"Achemwali, ine ndikunenera inu nomwe. Ndinu amene mukuvutika."

"Ndinakutumani? Mwana wanga sanandiuze kuti watopa. Ine mkamwini ndili naye, ndipo amandipatukira. Wofuna kumuchotsa pano ayambe wakapatukira m'ngalande muja, tione ngati atuluka ndi ulemu wake."

Anadzuka, natola khasu, nalowera kuseri kwa nyumba kukasamba. Panalibe woweruza amene ananena kuti nkhani yatha. Amalume anakanda mutu, nafunsa akazi anga ngati nkhuku yapsa, ndipo titadya anandigwira paphewa nati iwo chiyambire sankafuna kuti ndichoke. Mawu amenewo anawabwereza kwa zaka zambiri mpaka anawakhulupirira. Achimwene anga anabwerera ku Limbuli madzulo omwewo. Chingwe chija anamangira thumba la nandolo limene apongozi anawapatsa.

M'mawa mwake akazi anga anabwera kuchokera kotunga madzi nati amayi awo akukumba njira. Anagumula chiunda chija, dothi lake nakwirira nalo mbali ya ngalande, naika miyala m'mphepete, natsendera ndi mapazi mpaka panakhala pabwalo pokwanira chikuku chimodzi. Anagwira okha, ndipo amuna amene anafuna kuthandiza anauzidwa kuti akalime kwa apongozi awo. Sanatumize mawu alionse kwa ine. Patapita masiku tinakumana pamenepo. Ndinakhotetsa chikuku, ndi kulowa pamalo panga, ndi kuyang'ana kutchire. Anadutsa ndi mtolo wawo pakati penipeni pa njira.

Achinyamata ena tsopano amati malowo anakumba ndi a zankhalango kuti osenza matabwa azipumirapo. Osenza matabwa sankadzera njira imeneyo.

Anthu a kumsika sanasinthe. Anapitiriza kufunsa akazi anga mmene ndadzukira, ndipo madengu anapitiriza kutera pamiyendo panga. Chikuku cha gogo wachizungu chinatha, ndinapeza china, nacho chinatha. Ndinaphunzitsa ana a m'mudzimo kuwerenga pansi pa mango uja, mwana wanga ali pakati pawo, ndipo atakula pang'ono analanda ntchito ya khasu yonyamula mawu pakati pa ine ndi agogo ake. Mabanja ena apongozi akakalamba amaphera mkamwini nkhuku n'kuthetsa manyazi, kuti azilankhulana ngati mayi ndi mwana. Akazi anga anafunsapo ngati tingatero. Apongozi anayankha kuti sanakumbe njira yonse ija kuti pamere udzu. Ine ndinagwirizana nawo, kudzera mwa mwana.

Tsiku limene apongozi anawanyamula kupita kumanda, njira inali yomweyo. Achibale anafuna kundikankhira patsogolo, pafupi ndi bokosi. Ndinakana. Ndinatsogola ndekha mpaka pamalo paja, ndi kukhotetsa chikuku, ndi kuyang'ana kutchire kufikira onyamula atadutsa ndi nyimbo yawo itakhota. Mlaliki uja amati ndinabisa nkhope chifukwa ndinkalira. Iye anali kutsogolo ndi buku lake, ndipo nkhope yanga sanaione. Ndinkapatukira apongozi anga.